Kafukufuku wa utsogoleri ndi msika azifika mpikisano usanathe

Sukulu iliyonse yophunzitsa za bizinesi imene ili ndi nthambi ya kafukufuku imafika pa nthawi yoti isankhe mafunso amene idzaikepo ndalama zake, nthawi ya aphunzitsi ake ndiponso zaka za ophunzira a digiri ya PhD, ndipo pa zosankhidwazo sipalephera kupezeka mitu iwiri, yomwe ndi utsogoleri ndi njira zopikisirana pamsika. Zimenezi n'zosadabwitsa, chifukwa makampani ndi amene amalipirira mabwana awo maphunziro odula a masabata ochepa, ndipo bwana aliyense amafuna kumva mmene angatsogolere anthu ndi mmene angaposere anzake ogulitsa katundu wofanana ndi wake. Koma kulemba mitu iwiriyi m'chikalata cha mapulani a sukulu si kusankha kanthu, pakuti pafupifupi sukulu zonse zimailemba. Kusankha kwenikweni kwagona pa nthawi imene wofufuza amafika pa kampani. Alipo amene amafika mpikisano utatha, wopambana atadziwika kale, n'kuyamba kufunafuna zifukwa za kupambanako chobwerera m'mbuyo. Aliponso amene amafika zinthu zili mkati, kapena amene amasankha makampani oti awafufuze mosayang'ana kuti zinawathera bwanji. Ine ndikuti sukulu yofuna kuti mawu ake akhale odalirika iike patsogolo kafukufuku wa mtundu wachiwiriwu, ngakhale kuti ndi wochedwa, wodya ndalama zambiri, ndiponso kawirikawiri amatulutsa mayankho osakoma kuwamva.

Zimene zimachitika wofufuza akayambira pa opambana zinaonekera poyera kalekale. Mu 1982, Tom Peters ndi Robert Waterman, amene anali alangizi ku kampani ya McKinsey, anatulutsa buku lofotokoza makampani 43 a ku America omwe iwo anati ndi ochita bwino koposa, ndipo anatchula makhalidwe 8 amene ankati ndiwo chinsinsi cha makampaniwo. Bukulo linagulidwa ndi anthu mamiliyoni, koma pofika kumapeto kwa 1984 magazini ya Business Week inali italemba kale kuti pafupifupi kampani imodzi pa makampani atatu alionse a m'bukumo inali pamavuto. Mu 2001 Jim Collins anachitanso chimodzimodzi ndi makampani 11 amene anati anachoka pa kuchita bwino n'kufika pa kuchita zodabwitsa, ndipo zaka 10 zisanathe imodzi mwa makampaniwo, Circuit City, inali itatsekeratu masitolo ake, pamene ina, Fannie Mae, inachita kupulumutsidwa ndi boma la America mu 2008. Wina anganene kuti mabuku amenewa ndi a alangizi osati a mayunivesite, ndipo pamenepo sakunama kwenikweni, koma njira imene olembawo anatsata ndi yomwe imapezeka m'nkhani zambiri zophunzitsira m'kalasi ndi m'zolemba zambiri za aphunzitsi: kusankha amene wafika pamwamba, kufunsa amene anali naye pafupi, n'kulemba zimene akumbukira ngati kuti ndizo zinamufikitsa pamenepo.

Anthu ofunsidwawo sanama mwadala ayi. Chimene chimachitika n'chakuti zotsatira zimasintha zimene munthu amakumbukira. Barry Staw anasonyeza zimenezi mu 1975 m'njira yosavuta. Anagawa ophunzira m'magulu, anawapatsa ntchito yofanana yolosera malonda ndi phindu la kampani ina poona mabuku ake a ndalama, kenako anauza magulu ena kuti achita bwino ndi ena kuti alephera, koma uthengawo anaugawa mwamaere, mosatengera mmene gulu linagwirira ntchito. Atawafunsa mmene zinthu zinayendera m'gulu mwawo, amene anauzidwa kuti apambana anati ankamvana ndiponso ankamasukirana, pamene amene anauzidwa kuti alephera anakumbukira kusagwirizana ndi mphwayi. Phil Rosenzweig wa ku sukulu ya IMD mumzinda wa Lausanne anapeza zomwezi m'nkhani zimene atolankhani analemba za kampani ya Cisco. M'chaka cha 2000, pamene kwa kanthawi Cisco inali kampani yamtengo wapatali kuposa ina iliyonse pamisika ya masheya, olemba ankatamanda mkulu wake John Chambers chifukwa chomvera makasitomala ndi kugula makampani ang'onoang'ono mwaluso. Patangopita chaka chimodzi, masheya atagwa, kampani yomweyo, ya bwana yemweyo, inayamba kufotokozedwa kuti inali yachisokonezo ndiponso yogula makampani mosaganizira. Mtengo wa masheya ndiwo unasintha, ndipo mbiri ya utsogoleri inangotsatira pambuyo.

Tsono taganizirani mmene kafukufuku wambiri wa utsogoleri amachitikira. Ogwira ntchito amapatsidwa pepala la mafunso loti anene ngati bwana wawo amawalimbikitsa, ngati ali ndi masomphenya, ngati iwo amanyadira kugwira naye ntchito, ndipo mayankhowo amayerekezedwa ndi mmene nthambi yawo ikuchitira. Chiphunzitso chotchuka kwambiri pa nkhaniyi, cha mtsogoleri wosintha mitima ya omutsatira, chinachokera kwa James MacGregor Burns mu 1978, ndipo Bernard Bass anachikulitsa mu 1985 n'kukonza mafunso amene agwiritsidwa ntchito ndi ofufuza osawerengeka. Mu 2013 Daan van Knippenberg ndi Sim Sitkin anaunika zolembazo ndipo analoza chilema chimene chinali pamaso pa aliyense, chakuti mtsogoleri wa mtundu umenewu amadziwika ndi zotsatira zake zomwe, moti munthu akapeza kuti mtsogoleri wolimbikitsa anthu amalimbikitsadi anthu, palibe chimene wapeza. Iwo analangiza kuti ofufuza asiye dzinalo pamodzi ndi mafunso ake n'kuyambanso ndi zochita za mtsogoleri zimene zingaonedwe pazokha. Sukulu imene lero ikulemba ntchito mphunzitsi wina woti awonjezere pepala pa mulu umenewu ikuwononga ndalama, ngakhale pepalalo litasindikizidwa m'magazini yolemekezeka.

Izi sizikutanthauza kuti munthu wa pampando alibe chimene amasintha. Funsoli lili ndi mayankho abwino, ndipo mayankhowo anachokera kwa ofufuza amene anapeza njira yolekanitsira munthu ndi mwayi wake. Marianne Bertrand ndi Antoinette Schoar mu 2003 anatsatira mabwana amene anasamuka kuchoka ku kampani ina kupita ku ina, ndipo anaona kuti munthu amanyamuladi kachitidwe kake, monga kukonda ngongole kapena kukonda kugula makampani ena, kulikonse kumene wapita. Koma kafukufuku amene amandigwira mtima kwambiri ndi wa ku Denmark, wofalitsidwa mu 2007 ndi Morten Bennedsen ndi anzake. Iwo ankafuna kudziwa ngati kusiyira wachibale kampani ya banja kumaipindulitsa kapena kumaibweza m'mbuyo, funso lovuta kuliyankha chifukwa mabanja amasankha okha, ndipo n'kutheka kuti amaitana munthu wakunja pa nthawi yosiyana ndi imene amasiyira mwana wawo. Anazindikira kuti mabanja amene mwana wawo woyamba ndi wamwamuna amasiyira wachibale udindo kawirikawiri kuposa amene mwana wawo woyamba ndi wamkazi, ndipo popeza kubadwa wamwamuna kapena wamkazi sikuyendera mmene kampani ikuchitira, anapeza maere amene chilengedwe chinawachitira kale. Yankho linali lakuti kusiyira wachibale kumachepetsa phindu la pachaka ndi ndalama zokwana 4 peresenti ya chuma chonse cha kampaniyo, kapena kuposerapo. Mwini kampani ya banja angakane kulimva yankho limeneli, koma sangalitsutse ponena kuti ofufuzawo anangosankha zitsanzo zowakomera.

Nthawi zina kufika msanga kumangotanthauza kupita kukaona ndi maso zinthu zisanakometsedwe. Amy Edmondson, m'zaka za m'ma 1990, analowa m'zipatala kukafufuza zolakwika popereka mankhwala akuyembekezera kuti magulu a anamwino otsogoleredwa bwino ndiwo akhale ndi zolakwika zochepa. Manambala anasonyeza zosiyana, chifukwa magulu abwinowo ndiwo anali ndi zolakwika zambiri zolembedwa. Atafufuza mozama anapeza kuti kumene mkulu wa gulu sankaopseza olakwa anthu ankaulula, pamene kwina ankabisa. Akanayamba ndi kufunsa chipatala cholandira mphoto kuti chinsinsi chake n'chiyani sakanamva zimenezi, pakuti palibe mkulu amene amaimirira pagulu kunena kuti umboni wa utsogoleri wake wabwino ndi kuchuluka kwa zolakwika m'kaundula.

Pa nkhani ya kupikisana pamsika matendawa ndi omwewo, kungoti kumeneku kuli chizolowezi chabwino chotsutsana pogwiritsa ntchito manambala. Michael Porter wa ku Harvard analemba mu 1979 kuti phindu la kampani limadalira kwambiri mphamvu zisanu za mumsika umene yalowamo: opikisana nayo, ofuna kulowa kumene, katundu wina wotha kulowa m'malo, mphamvu za ogula ndi mphamvu za oigulitsa zipangizo. Richard Rumelt sanayankhe ndi nkhani ya kampani imodzi yotchuka. Anatenga manambala a nthambi za makampani opanga zinthu, ochita bwino ndi olephera omwe, ndipo mu 1991 anasonyeza kuti kusiyana pakati pa mabizinesi a mumsika umodzi n'kwakukulu kwambiri kuposa kusiyana pakati pa misika. Porter ndi Anita McGahan anayankha mu 1997 ndi manambala ena ophatikizapo makampani osapanga zinthu, n'kupeza kuti mtundu wa msika umafotokoza pafupifupi 19 peresenti ya kusiyana kwa phindu, pamene za bizinesi payokha zimafotokoza pafupifupi 32 peresenti. Mkangano wotere umasiya anthu akudziwa zambiri kuposa poyamba, chifukwa mbali iliyonse inalowamo ikudziwa kuti ikhoza kugonja.

Yerekezani zimenezi ndi nkhani ya Honda, imene yaphunzitsidwa kwa zaka zambiri m'makalasi a MBA, digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka bizinesi. Mu 1975 alangizi a Boston Consulting Group, polembera boma la Britain lipoti lofotokoza chifukwa chimene makampani a njinga zamoto a dzikolo anagonjera, anati Honda inalowa mumsika wa ku America ndi pulani yoganiziridwa bwino, yoyamba ndi tinjinga ting'onoting'ono, kupanga tambiri kuti mtengo utsike, kenako kukwera pang'onopang'ono kukalanda msika wa njinga zazikulu. Patapita zaka, Richard Pascale anakacheza ndi akuluakulu a Honda amene anatumidwa ku Los Angeles mu 1959, ndipo zimene anafalitsa mu 1984 zinali zina. Iwo anati mtima wawo unali pa njinga zazikulu, koma njingazo zinayamba kudontha oyilo ndi kuwonongeka makilatchi chifukwa anthu a ku America ankaziyendetsa mitunda italiitali pa liwiro lalikulu, ndipo kanjinga ka Super Cub, kamene iwo ankangokwera poyenda timaulendo tawo mumzindamo, ndi kamene anthu anayamba kukafunsa. Ena amati nkhani yachiwiriyi ndiyo yoona, koma ine sindikuona chifukwa chokhulupirira kwathunthu zimene anthu akukumbukira patapita zaka zoposa 20, makamaka ngati nkhaniyo ikukoma kuisimba. Tatsala ndi nkhani ziwiri zomveka bwino, zotsutsana, za chinthu chimodzi, ndipo kuweruza pakati pake n'kovuta chifukwa palibe wofufuza amene analipo mu 1959 kulemba zimene anthuwo ankayembekezera zisanachitike.

Chiphunzitso cha Clayton Christensen cha mu 1997, chakuti makampani aakulu amagwetsedwa ndi katundu wotsika mtengo amene poyamba amaoneka wonyozeka, chinafalikiranso kudzera m'zitsanzo zosankhidwa. Andrew King ndi Baljir Baatartogtokh atafunsa akatswiri a misika yosiyanasiyana za zitsanzo 77 zimene zinkatchulidwa pochirikiza chiphunzitsocho, anapeza mu 2015 kuti 7 zokha ndi zimene zinkakwaniritsa mbali zake zonse zinayi. Komabe Christensen ndimamulemekeza pa chinthu chimodzi chimene ambiri amamuseka nacho: mu 2007 ananena poyera kuti malinga ndi chiphunzitso chake iPhone sichita bwino. Analakwitsa, koma analosera zinthu zisanachitike, ndipo kulakwitsako kunaonetsa malire a chiphunzitsocho m'njira imene zitsanzo 77 zija sizikanatha. Ntchito yosiyana kotheratu ndi imeneyi ndi ya Andrew Ehrenberg, amene kwa zaka zambiri ankawerenga kaundula wa zimene mabanja amagula, mayina a katundu aakulu ndi aang'ono omwe, mpaka anakhazikitsa lamulo limene labwerezedwa pa katundu wamitundumitundu m'mayiko ambiri, lakuti dzina laling'ono pamsika limalangidwa kawiri, chifukwa lili ndi ogula ochepa ndiponso ochepawo salibwerera kawirikawiri ngati mmene ogula a dzina lalikulu amachitira. Lamuloli silisangalatsa anthu pamisonkhano, koma limauza woyang'anira malonda kuti kampani imakula makamaka pokopa ogula atsopano ndi ogula mwa apo ndi apo, zimene zikutsutsana ndi ulaliki wa alangizi ambiri wongosamalira kagulu ka makasitomala okhulupirika.

Umboni wamphamvu kuposa wonse umabwera pamene wofufuza wachita yekha maere. Nicholas Bloom ndi John Van Reenen anayamba ndi kufunsa mamanijala a makampani 732 opanga zinthu ku America, Britain, France ndi Germany mafunso okhudza zinthu 18 za tsiku ndi tsiku, ndipo mu 2007 anasonyeza kuti makampani opeza mapointi ambiri pa mafunsowo amapanganso zambiri ndipo sagwa msanga. Podziwa kuti kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri si umboni woti china chikuchititsa chinzake, Bloom ndi anzake anapita ku mafakitale oluka nsalu a kufupi ndi Mumbai ku India, anasankha mwamaere mafakitale oti alandire uphungu wa miyezi ingapo kuchokera kwa alangizi a Accenture, pamene ena anangoyenderedwa mwachidule. Zimene ankaphunzitsidwa zinalibe ulemerero uliwonse: kulemba tsiku lililonse nsalu zimene zatuluka zolakwika, kusanja ulusi mosungiramo katundu, kukonza makina asanawonongeke, kuchotsa zinyalala pansi. Zotsatira zofalitsidwa mu 2013 zinasonyeza kuti mphamvu yopanga zinthu ya mafakitale olandira uphunguwo inakwera ndi 17 peresenti m'chaka choyamba. Chochititsa chidwi china chinali chifukwa chimene eni mafakitale sankachitira zimenezi kale. Ambiri sankadziwa kuti njirazo zilipo, kapena ankazidziwa koma osakhulupirira kuti zingawapindulitse, ndiponso sankakulitsa mabizinesi awo chifukwa sankadalira munthu wosakhala wachibale kuti awayang'anire fakitale. Limeneli ndi funso lenileni la utsogoleri, lokhudza kukhulupirira ena ndi kugawa udindo, ndipo linatulukira kwa anthu amene anapita kukawerenga nsalu zolakwika.

Ku Lomé m'dziko la Togo, ofufuza a World Bank pamodzi ndi katswiri wa zamaganizo Michael Frese anagawa mwamaere eni mabizinesi ang'onoang'ono 1,500 m'magulu atatu. Gulu loyamba linaphunzira zimene sukulu za bizinesi zimaphunzitsa nthawi zonse, monga kusunga mabuku a ndalama, kutsatsa malonda ndi kuyang'anira antchito. Gulu lachiwiri linaphunzira kudziyambira zinthu, kuoneratu mavuto ndi kusagwa mphwayi zikavuta. Lachitatu silinapatsidwe maphunziro. Pa zaka ziwiri zotsatira, phindu la gulu lachiwiri linakwera ndi 30 peresenti, pamene la gulu loyamba linakwera ndi 11 peresenti, kukwera kumene ofufuzawo sakanatha kutsimikiza kuti sikunangochitika mwamwayi. Nkhaniyi, imene inatuluka m'magazini ya Science mu 2017, ndi yowawa kwa sukulu ya bizinesi chifukwa ikukayikitsa maphunziro amene sukuluyo imagulitsa, ndipo n'chifukwa chake ndikuti kafukufuku wotere ndi amene sukulu yoona mtima iyenera kumulipirira yokha m'malo modikira kuti ena aichitire.

Nanga n'chifukwa chiyani ntchito yotereyi ndi yochepa? Mbali ina ya yankho ili m'mbiri. Mu 1959 malipoti awiri, lina lolipiridwa ndi Ford Foundation lolembedwa ndi Robert Gordon ndi James Howell, lina la Carnegie Corporation lolembedwa ndi Frank Pierson, anadzudzula sukulu za bizinesi za ku America kuti zinkangophunzitsa zizolowezi za ntchito popanda maziko a sayansi. Sukuluzo zinamva, zinalemba ntchito akatswiri a zachuma, a masamu ndi a zamaganizo, ndipo pang'onopang'ono muyezo wa mphunzitsi wabwino unakhala chiwerengero cha mapepala amene wasindikiza m'magazini ochepa osankhika. Nyuzipepala ya Financial Times ikamaika sukulu pamndandanda imawerenga mapepala otuluka m'magazini 50 amene inawasankha, ndipo University of Texas at Dallas ili ndi mndandanda wake wa magazini 24. Magazini ambiri a kayendetsedwe ka makampani amafuna kuti pepala lililonse libweretse chiphunzitso chatsopano, chizolowezi chimene Donald Hambrick anachidandaula mu 2007 ponena kuti chimatsekera kunja zinthu zofunika zimene zapezeka koma zilibe chiphunzitso chozifotokoza. Mphunzitsi wachinyamata amene wapatsidwa zaka 6 kapena 7 zoti asonyeze kuti akuyenera ntchito yokhazikika sangadziike pa kafukufuku wotsatira makampani kwa zaka 10, kapena wobwereza ntchito ya wina, kapena amene angathe ndi yankho lakuti palibe chinasintha, ndipo sitingamuimbe mlandu akasankha zotuluka msanga.

Pali otsutsa amene ndiyenera kuwamvera, ndipo si anthu wamba. Warren Bennis ndi James O'Toole analemba mu Harvard Business Review mu 2005 kuti sukulu za bizinesi zinasochera chifukwa chosirira sayansi, moti zinadzaza ndi aphunzitsi amene sanayendetsepo bizinesi, ndipo chaka chomwecho nkhani ya Sumantra Ghoshal wa ku London Business School, yofalitsidwa iye atamwalira, inati ziphunzitso zodzitcha zasayansi, makamaka zoona bwana ngati munthu wongofuna zake amene ayenera kunyengereredwa ndi masheya, zinathandiza kuwononga khalidwe la mabwana. Anthu a maganizo amenewa angati zimene ndikupemphazi zingowonjezera manambala pamene chosowa ndi nzeru ndi chikumbumtima. Anganenenso, ndipo apa akulondola, kuti zosankha zazikulu kwambiri sizichitiridwa maere, pakuti palibe kampani ingalole kuti maere ndiwo agamule ngati igule kampani inzake kapena ilowe mumsika wa dziko lina.

Mmene ndikuonera, chimene chinawononga pa zimene Ghoshal anadandaulazo chinali kuphunzitsa ziphunzitso zosayesedwa mokwanira ngati kuti ndi malamulo a chilengedwe, ndipo iye mwini anakumbutsa kuti ofufuza ataphatikiza zimene zinapezeka m'makafukufuku ambiri sanaone umboni woti kudzaza bodi ya kampani ndi anthu akunja kumakweza phindu. Nkhani zophunzitsira m'kalasi, zimene Harvard inazikhazikitsa m'zaka za m'ma 1920 pamene mkulu wa sukuluyo anali Wallace Donham, ndi zabwino pozoloweretsa wophunzira kusankha ali ndi mfundo zosakwanira, ndipo sindikufuna kuti zithe, bola zisamatengedwe ngati umboni. Pa zosankha zazikulu zosatheka kuchitira maere, njira yofikira mpikisano usanathe ilipo: wofufuza alembe lero zimene bodi yasankha, zifukwa zake, njira zimene yazikana ndi zimene ikuyembekezera pa zaka zitatu zikubwerazo, n'kusunga zolembazo mpaka nthawi itakwana. Katswiri wa zamaganizo Philip Tetlock anachita zofanana ndi akatswiri 284 a ndale ndi zachuma kwa zaka pafupifupi 20, ndipo zimene anafalitsa mu 2005 zinasonyeza kuti akatswiri otsamira pa chiphunzitso chimodzi chachikulu ankalosera molakwika kuposa amene ankatolera mfundo kosiyanasiyana n'kumasintha maganizo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sukulu ndi bungwe lotha kudekha zaka 20, zimene mlangizi wolipidwa pa ntchito ya miyezi itatu sangakwanitse.

Kufika msanga kumathetsanso vuto la makampani amene amafa osasiya mbiri. Jerker Denrell anafotokoza mu 2003 kuti ngati njira ina yamalonda ili yoika kampani pachiswe, ochepa amene apulumuka nayo amapambana kwambiri pamene ambiri amene yawagwetsa amazimiririka m'kaundula, moti woyang'ana otsalawo amaona ngati njirayo ndi yanzeru pamene kwenikweni ndi juga. N'kutheka kuti bwana wouma mutu, wosamva za ena, amatamandidwa pa chifukwa chomwechi. Komanso manambala osavuta kupeza ndi a makampani aakulu ogulitsa masheya, makamaka a ku America, pamene bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linawerengera mu 2018 kuti anthu 2 biliyoni, oposa 60 peresenti ya onse ogwira ntchito padziko, ali pa ntchito zosalembetsedwa ku boma. Sukulu yofuna kudziwa za utsogoleri ndi msika monga mmene anthu ambiri amakumanira nazo iyenera kudzipangira kaundula wake, polemba mabizinesi mazana angapo akangoyamba, aakulu ndi aang'ono, n'kumawayendera chaka ndi chaka, kuphatikizapo kukafunsa mwini wake bizinesi ikatsekedwa.

Chovuta kwambiri pa zonsezi ndi mgwirizano ndi makampani. Kampani imatsegulira wofufuza chitseko ikamayembekezera kutamandidwa, ndipo kawirikawiri ndi kampani yomweyo imene imatumiza mabwana ake ku maphunziro olipira kapena imene dzina lake lili pakhoma la nyumba ya sukuluyo. Nkhani zophunzitsira zolembedwa kuchokera mkati mwa kampani nthawi zambiri sizituluka kampaniyo isanasaine kuti yavomereza zolembedwazo. Pa kafukufuku zinthu siziyenera kuyenda choncho. Chikalata cha mgwirizano chisainidwe ntchito isanayambe, chitchule funso, chitchule muyezo umene udzagwiritsidwe ntchito poweruza, ndipo chinene momveka kuti kampani ikhoza kubisa dzina lake ndi zinsinsi za malonda ake koma singaletse kuti zotsatira zifalitsidwe. Magazini ena ayamba kale kuvomereza pepala poona funso ndi njira yake zotsatira zisanadziwike, kachitidwe kamene magazini ya Cortex inayamba mu 2013, ndipo komiti yokweza aphunzitsi pa ntchito ikhoza kuwerengera pepala lotere mofanana ndi lina lililonse, ngakhale litatha ndi yankho lakuti maphunziro a utsogoleri amene kampaniyo inalipira sanasinthe kanthu. Makampani ena adzakana kusaina chikalata chotere, ena adzachotsa mabwana awo pa maphunziro a sukuluyo, ndipo mkulu wa sukulu ayenera kuwerengeratu ndalama zotayikazo pokonza bajeti ya chaka chimenecho.